Ufumu wa Dzuwa Limodzi

Chitsekerero choyera chija ndikadali nacho. Chimakhala m'dirowa momwe ndimaponyamo mabatire akutha ndi makiyi amene ndinaiwala khomo lake. Pamwamba pake pali dzuwa lojambulidwa ndi kyutekisi yachikasu ya mayi, ndipo cheza chake chimodzi n'chokhota chifukwa ndinagwedeza tebulo amalume akujambula. Penti wayamba kusendeka m'mbali. Ameneyo ndiye anali Woyeretsa Wamkulu, mtsogoleri wa asilikali a Ufumu wa Dzuwa Limodzi. Kunena mosazungulira, ameneyo anali ine.

Ndinali ndi zaka khumi. Tinkakhala ku Thamesmead, kudziko la azungu, m'fulati ya pamwamba kwambiri moti mphepo ya kumtsinje inkaimba likhweru m'mawindo. Tinalimo atatu: mayi, ine, ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono wa mayi. Mayi anali nesi ku Lewisham. Akakhala kuti sali kuchipatala ndiye kuti ali m'basi, akakhala kuti sali m'basi ndiye kuti ali kutchalitchi. Choncho wondilera weniweni chilimwe chimenecho anali amalume. Iwo anabwera kudzaphunzira za makompyuta, ndipo viza yawo inkatha mu Seputembala. Kuti awawonjezere chaka chomaliza, ankayenera kupita ndi mapepala ku ofesi ya maviza ku Croydon, ndipo pepala lalikulu pa onsewo linali kalata ya mayi yonena kuti amalume akukhala kwathu ndipo owasunga ndi iwo. Kalatayo mayi anali atailemba kale, n'kuipanikiza pachitseko cha firiji ndi kamaginito kolembedwa vesi. Kumudzi amati malume ndiye mwini mbumba. Kuno mwini mbumba anali atapachikidwa pafiriji ya mlongo wake.

Sukulu itatsekera, amalume anandituma kutolera zitsekerero za mabotolo a mkaka, zobiriwira ndi zabuluu. Ndinagogoda makomo a anthu apansanjika yathu yonse mpaka anayamba kundisungira. Zoyera ankatuluka nazo okha m'kachipinda kawo, zouma kale, zonunkha penti, ndipo sindinafunsepo kumene ankazitenga. Mbale zapulasitiki ndi zivundikiro za mapoto zinasanduka maiko a mlengalenga, oyalidwa patebulo lodyera. Zombo zinali mabokosi a machesi. Madayisi tinaba m'bokosi la ludo.

Malamulo onse anawalemba m'kope, m'Chichewa chokhachokha, ndipo anachita dala. Ine ndinali m'gulu la ana a kuno amene amamva zonse koma amayankha m'Chingerezi, amene azakhali a kutchalitchi amawapukusira mutu kuti lilime linalowa m'madzi. Amalume anati wosawerenga kopelo sayendetsa chombo. Pasanathe milungu iwiri ndinali kuwerenga mokweza, chala pamzere.

Ufumuwo unali wotere. Mfumu yake panalibe amene anaionapo, ankangoimva pawailesi. Likulu lake linali pafupi ndi dzuwa lina loyera la kutali, ndipo lamulo linali loti munthu aliyense mlengalenga monse, akamapemphera, azigwada kuloza kudzuwa limenelo, osati la kwawo limene limamuumitsira zovala. Oyeretsa ankatera padziko ndi kampasi n'kuyeza kumene maondo a anthu aloza. Akapeza mmodzi waphonya, ankayeretsa mudzi wonse, kutanthauza kuuwotcha. Koma anali anthu akhalidwe. Sankaba, sankamwa, sankanama. Powotcha ankaimba nyimbo zachisoni ndipo ankalira misozi yeniyeni. Ana amasiye ankawatenga n'kuwadyetsa bwino, ndipo kopelo silinatchule kuti anawasandutsa amasiye ndani. Panalinso lamulo lina patsamba lachinayi: mwana amene wanena za munthu wogwada kolakwika m'nyumba mwawo amapatsidwa mkanjo woyera. Mawu oti anene analembedwa ndi cholembera chofiira: Ndayeza, ndapeza, ndikunena.

Kampasi yokha ndiyo inali yeniyeni. Inali yachitsulo chachikasu, yakale, galasi lake lili ndi mng'alu, ndipo inkanunkha ngati makobidi a m'thumba. Inkakhala m'thumba la malaya a amalume. Ankandibwereka pa nthawi ya masewera yokha, ndipo tikamaliza ankatambasula dzanja asanachotse ngakhale mbale imodzi.

Iwo sanasankhepo Ufumu ngakhale tsiku limodzi. Ankatenga zobiriwira, anthu a dziko la Madzuwa Awiri, kumene dzuwa lina limatulukira uku lina uko, ndipo ana amakula osadziwa koti aloze. Aliyense ankamupatsa ntchito. Uyu amasoka malaya. Uyu ali ndi mapasa. Uyu ndi wogontha, wailesi ya Mfumu sanaimvepo. Ine zimenezo ndinalibe nazo ntchito. Ndinkatera ndi zombo zanga, kutsegula kampasi, kuponya madayisi, n'kusesera anthu awo m'bokosi la nsapato.

"Koma mphwanga," ankatero nthawi zonse, "anthuwa alakwa chiyani?"

Ndinkayankha m'Chingerezi kuti lamulo ndi lamulo. Ankaseka, n'kuyalanso anthu ena.

Pano ndiyenera kunena zimene zinanditengera zaka kuti ndizivomere: amalume nawonso analakwa. Ankadikira tsiku limene ndidzanyansidwe ndekha, ndidzakankhe zoyerazo n'kunena kuti ayi, izi si zabwino. Anaiwala kuti akuchita ndi mwana. Oyera anali ndi zombo zabwino, ankapambana nthawi zonse, ankaimba nyimbo, ndiponso ankavala ngati mayi pa tsiku la amayi a mpingo, bulauzi yoyera yositidwa mpaka kuuma. Chilichonse chimene ndinaphunzitsidwa kuti n'chabwino chinali mbali imeneyo ya tebulo. Munthu supatsa mwana mpeni n'kumayembekeza kuti aphunzirapo kuopa magazi.

Chinali chaka chimene mabomba anaphulika m'sitima zapansi ndi m'basi, milungu ingapo sukulu isanatsekere. Tsiku limenelo mayi anafika mapazi atatupa, n'kukhala pampando osavula nsapato. Kuyambira pamenepo ankatsika basi akangoona mnyamata wandevu wakwera ndi chikwama kumsana, ngakhale zitanthauze kuchedwa kushifiti. Amalume anasiya chikwama chawo, mabuku ankanyamulira m'jumbo. Ndinaona zonsezo koma sindinazilumikize. Mantha anali paliponse ngati fungo la chinyezi la m'makwerero a nyumba yathu, ndipo munthu umazolowera.

Loweruka masana kwathu kunkachitika mapemphero apanyumba. Kunkabwera manesi ndi amayi ogwira m'nyumba zosamalira okalamba, ena maso ali psuu chifukwa angoweruka kumene, nsapato zawo zili mulu pakhomo. Ankatsogolera ndi abusa, bambo amene mkati mwa mlungu anali mlonda m'sitolo ina, koma Loweruka ankavala suti yonyezimira ndi mawu ena. Chilimwe chimenecho ulaliki wawo unali umodzi. Mdani sali kutali, ankatero, mdani akudya nafe mbale imodzi. Amayi aja ankavomera ndi mitu. Amalume pa nthawi zimenezi ankakhala kukhitchini, kuwiritsa tiyi wa alendo ndi kudula buledi, ndipo aliyense ankawayamikira kuti ndi mnyamata waulemu.

Tsiku lina Lachitatu masana ndinayala maiko patebulo, ndipo kampasi panalibe. Ndinakankha chitseko cha kachipinda kawo popanda odi. Anali atayala thaulo pansi, alibe nsapato, mikono ya malaya yopinda ikadali yonyowa, chipumi chili pansi. Kampasi inali yotsegula pakapeti. Sanaloze kukhoma kumene mayi anapachika kalendala ya mtanda. Analoza kukona, kumbali kumene mawaya a magetsi amalowera. Ankanong'ona m'chiyankhulo chimene sindinkachidziwa. Anandimva, koma sanathamange. Anamaliza, anatembenuzira mutu uku ndi uko, kenaka anapinda thaulo lija bwinobwino.

"Mphwanga, izi n'za ine ndi Mulungu," anatero. "Achemwali ndidzawauza ndekha, za ku Croydon zikatha."

Sanandilumbiritse. Sanandiopseze, sanandinyengerere ndi switi. Anangondipatsa kampasi kuti tiye tikasewere, ndipo tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, anaiwala kuiitanitsa. Kapena sanaiwale. Kapena ankafuna ndione kuti akundikhulupirira. Mpaka lero chimenecho ndi chimene chimandipweteka kuposa zonse.

Masiku atatu nkhaniyo inandiyabwa pakhosi. Sindinkadana nawo amalume, Mulungu ndi mboni. Ndinkawakonda kuposa munthu aliyense, kuposa mayi amene ndinkangowaona akugona kapena akutuluka. Koma ndinali nditayeza ndipo ndinali nditapeza, ndipo chinthu chimenechi sichinali cha zitsekerero. Chinali chenicheni, m'nyumba mwathu, ndipo wachipeza ndinali ine.

Pamapemphero athu panali mwambo. Ikafika nthawi ya maumboni, abusa ankati ana nawonso ali ndi pakamwa, ndipo mwana amene wapereka umboni m'Chichewa ankaomberedwa m'manja, mayi wake n'kuyenda mutu uli m'mwamba mlungu wonse. Ine ndinali ndisanaperekepo. Mayi ankachita nazo manyazi, ndinkadziwa. Loweruka limenelo ndinaimirira ndisanaitanidwe, kampasi ili m'manja, n'kunena Chichewa changa choyamba pagulu, chosakhota, chimene amalume anandiphunzitsa.

"Ndayeza, ndapeza, ndikunena. M'nyumba muno muli munthu wogwada kolakwika."

Anayamba ndi kuomba m'manja. Ndikulumbira, anaomba. Mayi wina analuluta, wina anati, "Tamvani Chichewa cha mwanayu, abale!" Nkhope ya mayi inawala ngati ndapambana mayeso. Kenaka abusa anakweza dzanja n'kufunsa kuti munthuyo ndani, ndipo ndinafotokoza zonse, thaulo, madzi, kona, chipumi pansi. Manja aja anatsika limodzilimodzi. Pa nthawi yomweyo amalume anatulukira ndi thireyi ya makapu.

Abusa anasanjika dzanja pamutu panga, lolemera, lonunkha mafuta odzola. Anati Mulungu walankhula kudzera mwa khanda. Anauza amalume kuti agwade pomwepo akane zimene alowa, pamaso pa mboni. Amalume anaika thireyi patebulo mosamala kuti tiyi asatayike.

"Abusa, sindinabe, sindinaphe munthu," anatero. "Ndimapemphera basi. Shuga ali m'kabotolomo."

Tiyiyo palibe anamwa. Amayi aja anafufuza nsapato zawo pamulu mofulumira ngati nyumba yayaka, mayi mmodzi anasiya ngakhale ambulera. Mayi sankayang'ana amalume, sankayang'ana ine. Ankayang'ana kampasi imene inali m'manja mwanga.

Alendo atachoka ananditumiza kuchipinda, koma makoma a mafulati amenewo ndi ngati pepala. Ndinamva mayi akufunsa ngati akufuna apolisi adzathyole chitseko chawo, ngati akudziwa zimene anadutsamo kuti mwanayu akulire kuno, ngati akudziwa kuti mawa lomwe nkhani ikhala ili pafoni iliyonse. Amalume anangoyankha kamodzi.

"Achemwali, kampasi imeneyo mukuidziwa."

"Usanditchulire zimenezo," mayi anatero. "M'nyumba mwanga usanditchulire."

M'mawa mwake kalata ija pafiriji panalibe. Panatsala kamaginito ka vesi, katapanikiza chitseko chopanda kanthu. Mayi ananena mawu awo ali chiimire, chikwama chili kale paphewa: amalume akaimirira pamaso pa mpingo n'kukana, kalata ibwerera. Anati ndi malangizo a abusa, ngati kuti dzanja lochotsa kalatayo silinali lawo.

Panatsala milungu itatu kuti viza ithe. Amalume anayesa. Ankachoka m'mawa atavala malaya ositidwa, kukagogoda kwa Amalawi amene anadya buledi wodulidwa ndi iwo, koma nkhani inali itawatsogolera. Chilimwe chimenecho panalibe amene ankafuna dzina lake papepala limodzi ndi mnyamata wakuda wongolowa kumene Chisilamu. Ena anawalangiza kuti angogwada kutchalitchi Lamulungu limodzi, mtima n'ngwawo, ndani adzauone. Ena anati angozimirira mumzinda monga amachitira ambiri. Anakana zonse ziwiri. Ndili mwana ndinkati ndi makani. Lero sindikudziwa kuti khalidwe limenelo ndilitche chiyani, koma ndikudziwa kuti m'fulati ija munali munthu mmodzi yekha amene sananame, ndipo ndi amene tinamutulutsa.

Ine amalume sanandikalipire. Ankandiphikirabe, ankandipesabe tsitsi molakwitsa monga kale. Kampasi anaitenga, ndipo tinasewera kamodzi kokha popanda iyo. Tsiku limenelo sanafunse kuti anthuwa alakwa chiyani. Kutchalitchi ndinali mfumukazi. Amayi a mpingo ankanditsina tsaya, abusa ananditchula paguwa, mayi wina anandigulira diresi loyera la zingwe kumbuyo. Mkanjo wa patsamba lachinayi unali utafika, ndipo ndinauvala mokondwa.

Anachoka m'mawa wa tsiku lina kukuwaza kamvula. Mayi anatenga shifiti yapadera kuti asakhalepo. Ndinawaperekeza mpaka poimira basi, ndikukoka sutikesi ya gudumu limodzi lolira. Basi itatulukira pakona anandipatsa bokosi la nsapato lija ndi kope pamwamba pake, anaimirira njo, n'kundichitira sawatcha.

"Mwapambana, a Woyeretsa Wamkulu."

Ndinabweza sawatcha. Ndinafunsa kuti nanga zobiriwira aziyendetsa ndani.

"Zatha zonse, mphwanga," anatero, n'kukwera.

Mayi mpaka lero amati amalume anachoka okha, sukulu inawakanika. Amanena zimenezi akupakula chakudya, mosaphethira. Abusa aja mpingo wawo unagawanika kalekale, sindikudziwa kumene ali, ndipo sindifuna kudziwa. Zoona ndinazimva nditakula, nditapita ndekha ku Balaka, kumene amalume amakonza mafoni m'kashopu ka malata, munthu amene anatsala chaka chimodzi kuti amalize maphunziro. Anali ndi imvi. Anatsegula dirowa, pakati pa tizitsulo ndi mawaya, n'kutulutsa kampasi ija.

Inali ya bambo awo. Agogo anga aamuna, amene ndinauzidwa kuti anamwalira kalekale basi, anali telala wa ku Machinga, Msilamu, amene anakwatira Mkhristu n'kukakhala chikamwini ku Ntcheu. Abale a mkazi wake ndi akulu a mpingo anamulola zaka zingapo, kenaka anatopa naye, ndipo mkamwini sachedwa kumangitsidwa katundu. Anachoka amalume ali kumsana. Koma mayi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ndi iwo amene ankawatungira madzi osamba asanapemphere, ndi iwo amene ankagwira kampasi n'kuloza ndi chala kuti bambo, uku. Bambo awo atachoka, anzawo ankawaimba nyimbo yonyoza kuti mwana wa Msilamu, mpaka anaphunzira kuimba nyimbo zakutchalitchi mokweza kuposa onse. Amalume anandiuza zimenezi kuti ndiwakhululukire mayi. Sizinatheke mpaka pano. Munthu amene unawawidwapo ndi mkwapulo umenewo, n'kuutola, n'kukwapula nawo mlongo wako, ndimamvetsa, koma kumvetsa si kukhululuka. Ndipo ndikawakhululukira iwo, ndiye kuti watsala ndine.

Ndinapepesa. Anaseka monga ankasekera patebulo paja, nati Chichewa changa tsiku lija chinali chabwino zedi, ngakhale iwo kukhitchini ananyadira.

Koma zonsezo n'za pambuyo. Tsiku limene anachoka ndinabwerera ndekha m'chikepe chokwerera kumafulati chonunkha mkodzo, ndinatsegula fulati, n'kuyala mbale ndi zivundikiro patebulo. Ndinafola oyera onse m'mizere, zombo kutsogolo, Woyeretsa Wamkulu pakati. Zobiriwira ndinazisiya m'bokosi popeza zinali zitagonja. Ndinaponya madayisi, anagwa bwino, ndipo mbali ina ya tebulo kunalibe woti aponyenso. Ndinakhala pamenepo mpaka madzulo, nditavala diresi langa loyera, kudikira mayi kuti adzaone mmene Ufumu wadzazira mlengalenga monse.

Ndinkadziwa kuti dziko la Madzuwa Awiri lili pachivundikiro cha poto wa nyemba, kumapeto kwa tebulo. Sindinkadziwa kuti lili ndi firiji ndi mawindo oimba likhweru, ndiponso kuti ndikukhala momwemo. Chitsekerero choyera chija chinali m'manja mwanga masana onse, chatenthera ndi thukuta. Ndikanangochitembenuza ndikanaona kuti amalume sanapake penti kunsi kwake, ndipo n'chobiriwira ngati zinzake zonse za m'bokosi. Sindinachitembenuze. Ndinkayang'ana dzuwa.